Makolo ndi sukulu m'mbali mwa nyanja ku Salima: udindo umene watsala ndi wotani?

SALIMA - Chilengezo cha boma chakuti kuyambira mwezi wa Januwale 2026 ophunzira a m'sukulu zaboma asamalipirenso ndalama za mayeso a bungwe la Maneb, komanso kuti ndalama za chitukuko cha sukulu zithe m'sukulu zasekondale zoyendera, chachotsa mtolo waukulu pamapewa a mabanja osauka. Komabe chilengezochi chadzutsanso funso limene dziko lino lakhala likulimbana nalo kuyambira mchaka cha 1994: ngati kholo silikupereka ndalama kusukulu, nanga udindo wake pa maphunziro a mwana ndi wotani?

Funsoli ndi lolemera kwambiri m'madera a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kuchokera ku Chipoka, kudutsa kwa Maganga, Senga Bay ndi Lifuwu mpaka ku Chikombe kwa Makanjira. M'maderawa sukulu ili pampikisano wa tsiku ndi tsiku ndi nyanja, ndipo amene amagamula mpikisanowo m'mawa ulionse si mphunzitsi wamkulu kapena ofesi ya zamaphunziro, koma kholo limene lili pakhomo.

Phunziro la mchaka cha 1994

Boma litakhazikitsa maphunziro aulere a pulayimale mchaka cha 1994, chiwerengero cha ana olembetsa sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Ichi chidali chipambano chachikulu, koma chidabwera ndi mavuto ake. Zipinda zophunziriramo zidachepa, ana ambiri adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidakakamizika kulemba aphunzitsi ochuluka amene adali asanapite kusukulu yauphunzitsi.

Vuto lina limene silidaonekere msanga lidali la kamvedwe ka mawu akuti "ulere". M'midzi yambiri anthu adamva ngati boma latenga udindo wonse, kotero kuti ngakhale ntchito zimene makolo ankagwira kale modzipereka, monga kukonza zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi, zidayamba kuoneka ngati thangata. Pofuna kubwezeretsa umwini wa sukulu m'manja mwa anthu, boma lidadalira ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu ya mchaka cha 1998, ndipo mchaka cha 2004 unduna wa zamaphunziro udatulutsa ndondomeko yapadera yofotokoza momwe anthu a m'midzi angatengere mbali poyendetsa sukulu zapulayimale.

Phunziro lake ndi lakuti boma likachotsa malipiro, liyenera kufotokoza bwino lomwe zimene zachotsedwa ndi zimene zatsala. Kupanda kutero, mphekesera ndi imene imafotokozera anthu, ndipo mphekesera simanga sukulu.

Nyanja ndi belu la sukulu

Malinga ndi kalembera wa mchaka cha 2018, boma la Salima lidali ndi anthu oposa 478,000, ndipo gawo lalikulu la anthuwa limadalira ulimi ndi usodzi. Kuti timvetse chifukwa chake ana a m'madoko amajomba kusukulu, tiyenera kuyang'ana momwe ntchito yausodzi imayendera.

Usipa amaupha usiku ndi makoka a chilimira, pogwiritsa ntchito nyali zokopa nsomba, makamaka mwezi ukakhala kumdima. Alovi amakocheza padoko m'bandakucha, ndipo nthawi imene belu la sukulu likulira ndi imenenso ntchito imachuluka padoko: kutsitsa nsomba, kunyamula mabeseni, kutsuka, kuyanika pathandala ndi kufutsa. Mnyamata wa zaka 12 akathandiza ntchitozi amalandira ndalama kapena nsomba tsiku lomwelo. Phindu la sukulu limaoneka patapita zaka, pamene phindu la padoko limalowa m'thumba dzuwa lisanafike pamutu. Banja limene lagona ndi njala silivutika kusankha pakati pa ziwirizi.

Kwa atsikana vutoli lili ndi nkhope ina. Padoko pamayenda ndalama, pamafika amalonda ochokera ku Lilongwe ndi madera ena, ndipo mtsikana wosowa sopo, yunifolomu kapena kope amagwa m'mayesero mosavuta. Mchitidwe wosinthanitsa nsomba ndi thupi ndi wodziwika m'madoko a nyanja ya Malawi, ndipo mathero ake ndi mimba zosayembekezera, maukwati a ana ndi matenda.

Palinso kusamukasamuka. Asodzi amatsata nsomba kuchoka doko lina kupita lina, nthawi zina kwa miyezi ingapo. Ana amatsala ndi amayi okha kapena agogo, ndipo ena amatsatira makolo awo pakati pa teremu popanda kalata yosamukira. Pamwamba pa zonsezi pali malungo ndi likodzo, matenda ofala kunyanja amene amadya masiku a mwana a m'kalasi, komanso kusefukira kwa madzi m'mitsinje monga Linthipe ndi Lifidzi, kumene kumadula njira za ana nthawi ya dzinja. Mchaka cha 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'madera ena a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo ku Salima.

Malamulo alipo

Kumbali ya malamulo dziko lino silidagone. Lamulo la zamaphunziro la mchaka cha 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu zaboma ndi aulere komanso okakamiza. Lamulo la zantchito la mchaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mchaka cha 2010 limapereka udindo kwa makolo wolera ndi kuteteza ana awo. Lamulo la maukwati la mchaka cha 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mchaka cha 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo oyendetsera dziko pochotsa mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wosakwana zakazo. Kuonjezera apo, kuyambira mchaka cha 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu.

Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa boma wa mchaka cha 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka zapakati pa 5 ndi 17 m'dziko muno ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo. Kafukufuku wa zaumoyo wa mchaka cha 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, kauniuni wa boma adapeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi mimba za atsikana zoposa 40,000 m'miyezi yochepa chabe. Ziwerengerozi zikutsimikiza kuti lamulo lolembedwa ku Lilongwe siligwira ntchito padoko pokhapokha pakhale anthu a pomwepo olitsatitsa.

Makomiti amene ali pasukulu

Sukulu yapulayimale iliyonse yaboma imayenera kukhala ndi magulu atatu a makolo. Loyamba ndi komiti yoyendetsa sukulu, imene imayang'anira chuma, katundu ndi mapulani a chitukuko. Lachiwiri ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, imene ntchito yake ndi kusonkhanitsa makolo, kumva madandaulo awo ndi kuonetsetsa kuti komiti yoyendetsa sukulu ikupereka malipoti. Lachitatu ndi gulu la amayi, limene kawirikawiri limakhala ndi amayi khumi ochokera m'midzi yozungulira sukulu. Amayiwa amalangiza atsikana, amayendera makomo a ana amene asiya sukulu, amathandiza amene abereka kuti abwerere m'kalasi, ndipo m'sukulu zambiri amasoka nsalu zothandiza atsikana pa nthawi ya kumwezi.

Kuyambira mchaka cha 2010 boma lidayamba kutumiza ndalama mwachindunji m'sukulu zapulayimale kudzera m'ndondomeko yotukula sukulu, ndipo patapita zaka zochepa ndondomekoyi idafika m'maboma onse. Sukulu imayenera kukhala pansi ndi makolo, mafumu ndi ophunzira kulemba pulani ya chitukuko, ndipo ndalamazo zimalowa mu akaunti ya sukulu kubanki. Papepala dongosololi ndi labwino. Mavuto ake ndi odziwika kwa aliyense wogwira ntchito kukhonsolo: ndalama zimafika mochedwa, mphamvu yake yachepa ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo pamene mamembala a komiti sadziwa kuwerenga malipoti a chuma, pulani yonse imalembedwa ndi mphunzitsi wamkulu, komiti n'kungosainira.

Choyenera kuchiona n'chakuti kwa zaka zambiri kutenga mbali kwa makolo kwakhala kukuyezedwa ndi njerwa, mchenga ndi ndalama. Kuyambira nthawi ya ntchito za Masaf m'zaka za m'ma 1990, mudzi wokonda sukulu udali umene waumba njerwa zambiri. Lero boma likulimbikitsa mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha pa zomangamanga zake pofuna kuteteza mitengo, ndipo zopereka za ndalama nazo zikuchotsedwa. Ngati njerwa ndi ndalama ndizo zidali chingwe chokhacho chomangirira kholo kusukulu, chingwecho chikuduka, ndipo pakufunika china.

Zimene Salima yaphunzitsa dziko

Boma la Salima lili ndi mwayi wakuti ntchito ziwiri zikuluzikulu zothandiza ana kukhala pasukulu zidayesedwa komweko.

Yoyamba ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa komanso opanda anthu amphamvu zogwira ntchito. Idayambira ku Mchinji mchaka cha 2006, ndipo Salima idali m'gulu la maboma oyamba kulandira ndondomekoyi itakula. Kuonjezera pa ndalama za banja, pamakhala kandalama kapadera ka mwana aliyense wa pasukulu. Pakati pa 2013 ndi 2015 akatswiri a sukulu yaukachenjede ya North Carolina, mogwirizana ndi nthambi ya kafukufuku ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, adaunika ndondomekoyi m'madera a mafumu aakulu Maganga ndi Ndindi ku Salima komanso m'madera awiri a ku Mangochi. Iwo adapeza kuti ana a m'mabanja olandira ndalamazi ankalembetsa ndi kupita kusukulu mochuluka kuposa anzawo a m'mabanja ofanana nawo amene adali asanayambe kulandira. Tanthauzo lake ndi lomveka: makolo ambiri amene ana awo sali pasukulu sadana ndi maphunziro, koma umphawi ndi umene wawamanga manja.

Yachiwiri ndi ndondomeko yolimbikitsa maphunziro a atsikana imene nthambi zitatu za bungwe la United Nations, za WFP, Unicef ndi UNFPA, zidayamba mchaka cha 2014 m'maboma a Salima, Dedza ndi Mangochi ndi thandizo la dziko la Norway. Ndondomekoyi idaphatikiza chakudya cha pasukulu, uphungu wa zaumoyo wa achinyamata, chitetezo cha ana ku nkhanza ndi maphunziro a makomiti. Chidwi chake chidali pa kagulidwe ka chakudya: sukulu zinkalandira ndalama n'kumagula chimanga, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba kwa magulu a alimi a m'deralo, makolo n'kumaphika mosinthana. Atsikana ndi anyamata amasiye a m'makalasi apamwamba amene sankajomba ankalandiranso thandizo lopita nalo kunyumba m'miyezi ya njala. Motero kholo lidakhala wogulitsa, wophika komanso woyang'anira, ndipo lidali ndi chifukwa chofikira pasukulu sabata iliyonse.

Komabe ntchito zamtunduwu zimadalira thumba la abwenzi akunja, ndipo thumbalo silikhala lotsegula mpaka kalekale. Kutsekedwa kwa ntchito zambiri za bungwe la USAID mchaka cha 2025, bungwe limene lidathandiza kwambiri ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga imene idayamba mchaka cha 2016, ndi chenjezo lokwanira. Khonsolo ya Salima iyenera kudzifunsa kuti mwa zimene zidaphunziridwa, ndi ziti zingapitirire ndi mphamvu za boma ndi za anthu eni ake.

Mafumu ndi malamulo a m'midzi

Mafumu akhala patsogolo pankhondoyi. M'zaka za m'ma 2010 Mfumu yaikulu Mwanza ya ku Salima idadziwika pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, monganso malemu Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene dera lake limafika kunyanja ku Mtakataka, ndipo idathetsa maukwati a ana oposa 800 pofika mchaka cha 2016. M'madera ambiri mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mashehe adagwirizana kuti zinamwali ndi jando zizichitika pa tchuthi, ndi kuti maphunziro a madrasa asamaombane ndi nthawi ya sukulu.

Malamulo a m'midziwa athandiza, koma ali ndi malire. Chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku chimene amalipiritsa kholo la mwana wojomba chimagwera banja lomwe lija limene latumiza mwana padoko chifukwa cha njala. Pamene mwini makoka wolemba ana ntchito sakhudzidwa, chilango chimakhala chagwera wofooka n'kusiya wopindula. Komanso malamulowa akapanda kudutsa kukhonsolo ndi kuvomerezedwa motsata lamulo la maboma aang'ono, mphamvu yake imathera pabwalo la mfumu, ndipo mfumu ikasintha nawonso amazilala.

Apa ndi pamene chitsanzo cha chilumba cha Mbenje chili chofunika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi nthawi ya dzinja ndi kutsegula cha mu Epulo, ndipo asodzi amatsata malamulo okhwima oletsa mowa, chamba ndi juga. Dongosololi lakhalitsa chifukwa asodzi eni ake amaona phindu lake ndipo amayang'anirana okhaokha. Ngati anthu a kunyanja adakwanitsa kuteteza nsomba zazing'ono kuti zikule, sangalephere kugwirizana kuti padoko pasapezeke mwana nthawi ya sukulu. Makomiti a m'madoko, amene amagwira ntchito pansi pa lamulo la zausodzi la mchaka cha 1997, amadziwa bwato lililonse ndi mwini wake, koma kawirikawiri sakhala nawo pamisonkhano ya sukulu. Uwu ndi mpata umene ofesi ya zamaphunziro ndi ya zausodzi zingatseke popanda kupempha ndalama kwa wina aliyense.

Kufika pasukulu si kuphunzira

Mbali imene yatsalira kwambiri ndi ya maphunziro enieniwo. Kafukufuku wa nthambi yoona za kalembera wa mchaka cha 2019 mpaka 2020 adapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14 m'dziko muno, 19 okha ndi amene adali ndi luso loyambira la kuwerenga, ndipo 13 okha ndi amene adali ndi luso loyambira la masamu. Mwana amene wafika Sitandade 4 osatha kuwerenga amabwereza kalasi, amakula kuposa anzake, amachita manyazi, ndipo pamapeto pake nyanja imamuitana. Kusiya sukulu kumene kumaoneka mu Sitandade 6 kumakhala kuti kudayambira mu Sitandade 2.

Pamenepa kholo lili ndi gawo ngakhale litakhala losaphunzira. Likhoza kufunsa mwana kuti aliwerengere zimene walemba m'kope, kumpatsa nthawi yowerenga dzuwa lisanalowe, kuonetsetsa kuti wayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndiponso kupita kukalandira zotsatira za mayeso pakutha pa teremu. Koma kuti izi zitheke, sukulu iyenera kulankhula ndi kholo m'chinenero chimene limamva. Kumuuza kholo kuti mwana wakhala nambala 40 m'kalasi ya ana oposa 100 sikulithandiza. Kuliuza kuti mwana akudziwa malembo koma sakutha kuwalumikiza, ndipo achite zakutizakuti kunyumba, ndiko kulipatsa chogwira.

Zoyenera kuchita adindo

Choyamba, unduna ndi khonsolo afotokoze momveka bwino, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, mawailesi a m'madera ndi alangizi a zamaphunziro a m'mazoni, kuti ndi zopereka ziti zathetsedwa ndipo ndi ndalama ziti zimene boma lizitumiza m'malo mwake. Ndalamazo zifike teremu isanayambe, chifukwa zikachedwa aphunzitsi aakulu adzakakamizika kubwerera kwa makolo mwamseri, ndipo chikhulupiriro chidzatha.

Chachiwiri, misonkhano ya makolo ikonzedwe motsata kalendala ya kunyanja. Msonkhano woitanidwa m'mawa pamene mabwato akukocheza umapeza amayi ochepa ndi agogo okhaokha. Nthawi imene mwezi ukuwala, komanso nyengo imene boma limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala, ndi pamene abambo amapezeka pamudzi. Abambo sangasiyidwe kunja, pakuti ndiwo eni mabwato ndiponso ndiwo amene amalemba ana ntchito.

Chachitatu, kaundula wa ana ojomba asamathere mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mwana akajomba masiku angapo otsatizana, dzina lake lifike kwa gulu la amayi, kwa nyakwawa ndi kwa komiti ya padoko sabata yomweyo. Mwana amene wajomba sabata imodzi amabwerera mosavuta kuposa amene watha teremu yonse ali kunyanja.

Chachinayi, malipoti a ndalama za sukulu azimatidwa poonekera ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo, ndipo makomiti atsopano aziphunzitsidwa akangosankhidwa. Magulu a amayi, amene akhala akugwira ntchito yolemetsa popanda malipiro, apatsidwe gawo lodziwika m'pulani ya sukulu m'malo modikira mabungwe.

Chachisanu, maofesi a zamaphunziro, zausodzi, zantchito, zaumoyo ndi zosamalira anthu azigawana zimene akudziwa. Banja limene lili pa Mtukula Pakhomo, mwana wake n'kukhala kuti sakupita kusukulu, liyenera kuyenderedwa kuti chifukwa chake chidziwike, osati kungoopsezedwa.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Boma lasenza mbali ya malipiro, ndipo liyenera kukwaniritsa lonjezo lake pa nthawi yake. Mbali yotsalayo, yodzutsa mwana m'mawa, yomuletsa kupita padoko ndi yomufunsa madzulo zimene waphunzira, palibe unduna umene ungaigwire. Ntchito ya adindo ku Salima ndi kuonetsetsa kuti kholo la kwa Maganga, kwa Kuluunda, kwa Ndindi kapena kwa Makanjira likudziwa kuti mbali imeneyi ndi yake, ndipo likafika pasukulu lipeza khomo lotsegula ndi munthu wokonzeka kulimvera.